Tengani Ana Akaone Njovu za Kwawo

Amayi anzanga, tchuthi chikayandikira ana amayamba kufunsa kuti chaka chino tipita kuti. Ambirife yankho lathu n'lomwelomwelo chaka ndi chaka: kumudzi kwa agogo, kapena kumunda kukaingitsa mbalame m'mapira. Zimenezi n'zabwino ndithu, pakuti mwana ayenera kudziwa abale ake ndi ntchito za kwawo. Koma lero tiyeni tikambirane za tsiku limodzi lokha pa chaka, tsiku loti banja lonse litseke chitseko, lisiye khasu ndi mtondo, lipite kukaona zinthu.

Amene muli ndi abale ku Joni mwina munaonapo zithunzi za ana awo ali ku Gold Reef City, malo a masewera a mumzinda wa Johannesburg, akukwera tisitima tothamanga m'malere. Ku America kuli malo ena otchuka kwambiri otchedwa Disneyland, amene anatsegulidwa m'chaka cha 1955. Kumeneko kuli mtsinje wochita kukumba, ndipo makolo amalipira ndalama zambiri kuti ana akwere bwato n'kumaona njovu ndi mvuu zopangidwa ndi manja, zimene zimayasamula ndi kupukusa makutu chifukwa cha makina. M'chaka chomwecho cha 1955, kuno ku Chikwawa kunakhazikitsidwa nkhalango yosungirako nyama ya Majete, m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Njovu ndi mvuu za ku Majete n'zamoyo, ndipo alendo amaoloka nyanja zamchere kudzaziona. Chomvetsa chisoni n'chakuti ana ambiri obadwira m'chigwa chino amangoona magalimoto a alendowo akudutsa pa Dyeratu, koma iwo eni sanapondeko. Njovu amaidziwira m'buku la kusukulu basi.

Mbiri yoti ana aimve

Musananyamuke, auzeni ana mbiri ya malowa, chifukwa mwana amaona bwino chinthu chimene anamvapo kale. Kalekale chigwa chino chinali ndi njovu zosawerengeka. David Livingstone podutsa pa Shire m'chaka cha 1859 akuti anaona njovu pafupifupi 800 m'dambo lalikulu lija limene mpaka lero limatchedwa Elephant Marsh. Koma mfuti, misampha ndi malonda a minyanga zinazitha pang'onopang'ono, kotero kuti pofika chaka cha 1992 ku Majete kunalibe njovu ndi imodzi yomwe. Nyama zinanso zikuluzikulu zinali zitatheratu, ndipo mitengo inali kugwetsedwa n'kuotchedwa makala.

Zinthu zinasintha m'chaka cha 2003, pamene boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti lisamale nkhalangoyi. Anaizinga ndi mpanda wa magetsi kuti nyama zisamatulukire m'minda ya anthu, ndiponso anayamba kubweretsa nyama kuchokera kwina. Zipembere zinafika m'chaka chomwecho, njovu zinayamba kufika mu 2006, akambuku mu 2011, mikango mu 2012, ndipo akadyamsonga, aja a makosi ataliatali, anafika mu 2018. Njovu zinaswana bwino kwambiri, moti mu 2017 zina zinanyamulidwa pa malole n'kupita nazo ku nkhalango ya Nkhotakota, kumene zinali zitachepa.

Tikudziwa kuti si onse amene amaikumbukira nyama ndi mtima wabwino. Mayi amene mvuu inamudyera chimanga cha kudimba usiku umodzi, kapena amene ng'ona inamulanda mbale wake padooko, ali ndi chifukwa chodandaulira. Komabe zimene zinachitika ku Majete zikutiphunzitsa kuti nkhalango ingathe kuuma m'manja mwa mbadwo umodzi wokha. Amene adzasankhe kuisunga kapena kuitchera misampha mawa ndi ana omwe tikuwaphikira phala lerowa, ndipo munthu sasunga chinthu chimene sanachionepo. M'mera mpoyamba.

Ku Majete kapena ku Lengwe?

Ngati mukuchokera ku Blantyre, mutsika zitunda mpaka pa Thabwa, muoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, ndipo pa Dyeratu mukhotera ku boma la Chikwawa. Kuchokera pa boma, chipata cha Majete chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Pafupi ndi chipatacho pali mathithi a Kapichira, pamene sitima ya pamadzi ya Livingstone yotchedwa Ma Robert inalephera kupitirira. Pomweponso pali makina opangira magetsi. Ana okulirapo adzakumbukira kuti namondwe wotchedwa Ana atawononga damu la pamenepa mu Januwale 2022, magetsi anavuta m'dziko lonse kwa miyezi yambiri. Aloleni aone ndi maso awo kuti nyali ya m'nyumba imayakira madzi a Shire.

Kwa inu a ku Nsanje, Bangula ndi Ngabu, nkhalango ya Lengwe ndiyo ili pafupi. Njira yake imapatuka pa msewu waukulu kufupi ndi Nchalo, n'kudutsa m'minda ya nzimbe. Lengwe inakhala paki ya dziko m'chaka cha 1970, ndipo imatchuka ndi nyama yokongola yotchedwa boo, imene ena amati nyala. Yamphongo ndi yodera, ya nyanga zopotana ndi ubweya wolendewera kukhosi. Yaikazi ndi yofiirira, ya mizere yoyera, yopanda nyanga. Ana ambiri amayesa kuti ndi nyama ziwiri zosiyana, ndipo mudzasangalala kuwamva akutsutsana. Kulinso njati, nswala, njiri ndi anyani. Ku Lengwe anamanga tinyumba tobisalamo pafupi ndi madziwe, momwe munthu amakhala phee n'kumaona nyama zikubwera kudzamwa madzi. Malo otere ndi abwino kwa agogo ndi kwa mayi wa mwana wa kumsana, chifukwa palibe kugwedezeka kwa galimoto.

Za ndalama ndi galimoto

Ambiri timangoganiza kuti malo otere ndi a azungu ndi mabwana. Dziwani kuti mtengo wolowera wa mbadwa za dziko lino ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa alendo akunja, choncho musaiwale chiphaso cha unzika. Mitengo imasintha, motero tumani munthu akafunse, kapena imbani lamya masiku angapo ulendo usanafike. Funsaninso za mtengo wa ana ndi wa galimoto, kuti musakachite manyazi pa chipata ana akuyang'ana.

Chodula kwenikweni ndi galimoto, pakuti m'nkhalango ya mikango simuloledwa kungoyenda pansi mwa inu nokha. Apa mpamene mutu umodzi susenza denga. Mabanja atatu kapena anayi angathe kusonkherana n'kubwereka minibasi imodzi ya tsiku lonse. Inu amene muli m'magulu a banki m'khonde kapena a chipereganyu, ikani padera kangachepe mwezi ndi mwezi kuyambira nthawi yokolola, ndipo pofika tchuthi mudzapeza kuti zakwana. Gwirizanani ndi dalaivala mtengo wonse, pamodzi ndi mafuta, musanakwere, ndipo mumuuziretu kuti m'nkhalango ayenera kuyenda pang'onopang'ono. Ngati ndalama zakanika ndithu chaka chino, kafunseni aphunzitsi ngati pasukulu pali kalabu ya zachilengedwe, chifukwa makalabu otere amatengera ana ku malo ngati amenewa.

Nyengo ndi nthawi

Chimene chimaononga ulendo m'chigwa chino ndi dzuwa. Nthawi ya dzinja misewu ya m'nkhalango imaterera ndipo udzu umabisa nyama. Mu Okutobala ndi Novembala nyama zimasonkhana pa madzi n'kumaoneka bwino, koma kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo mwana wamng'ono sangapirire m'minibasi. Miyezi yabwino kwa banja ndi kuyambira Juni mpaka Ogasiti, pamene kunja kwauma koma mphepo ikadali yozizirira.

Nyamukani tambala woyamba atalira, kuti dzuwa likamatuluka mukhale muli pafupi ndi chipata. Nyama zimayenda ndi kudya m'mamawa ndi madzulo. Masana zimabisala pa mthunzi monga timachitira ife. Banja lofika dzuwa lili paliwombo limangoona mitengo ndi fumbi, n'kubwerera likunena kuti kulibe kanthu.

Kamba wa paulendo

Madzi ndiwo oyamba. Tengani ochuluka kuposa amene mukuganiza kuti akwana, owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo muziwapatsa ana pafupipafupi asanadandaule ludzu. Zigubu muzikulunge m'chiguduli chonyowa kuti madzi asatenthe. Ikaninso m'chikwama mapaketi awiri a Thanzi, kuchitira mwana amene angatsekule m'mimba.

Zakudya zikhale zosachedwa kusasa: mbatata yootcha, chinangwa chophika, mtedza wokazinga, zitumbuwa, mandasi, masawu ndi nthochi. Ngati mwapha nkhuku, ikazingeni iume bwino, musatenge ya msuzi. Thobwa ndi madzi a bwemba zimathetsa ludzu kuposa zakumwa za m'mabotolo, ndipo sizitha ndalama. Ana avale zipewa ndi nsapato zotseka, ndi zovala zopepuka. Pewani zakuda ndi zabuluu wodera, chifukwa mitundu imeneyi imaitana kashembe, ntchentche ija yoluma ya m'tchire. Chitenje chapadera musachisiye. Ndicho mphasa, ndicho mthunzi pa windo, ndichonso chofunda cha mwana akagona.

Malamulo anayi a ana

Madzulo a tsiku loti mawa ndi ulendo, khazikani ana pansi muwauze malamulo awa, ndipo aliyense awabwereze. Loyamba, palibe kutsika m'galimoto kapena kutulutsa mkono pa windo, kufikira woyang'anira nyama atanena kuti pano mpabwino. Lachiwiri, palibe kukuwa kapena kuponya kanthu nyama ikaoneka, makamaka njovu ya mwana, pakuti imakwiya msanga. Lachitatu, palibe kuyandikira madzi a Shire ngakhale kukangosamba m'manja, chifukwa ng'ona imabisala pamalo ooneka odekha. Lachinayi, palibe kupatsa anyani chakudya. Nyani wozolowera kupatsidwa amayamba kulanda, ndipo amaluma. Mwana wamkulu aliyense mumupatse wamng'ono mmodzi woti amuyang'anire tsiku lonse.

Auzeninso kuti nkhalango si khola. Mwina mkango simudzauona, chipembere nachonso chimakonda kubisala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuti asatope podikira, apatseni ntchito: wina awerenge nswala, wina alembe m'kope mayina a mbalame, wina afunefune mapazi a nyama mumsewu. Agogo akakhalapo, awauze mayina a mitengo ndi ntchito zake, monga mlambe, tsanya ndi mtondo. Mukakumana ndi gulu la njovu, aonetseni kuti yotsogolera ndi yaikazi yokalamba, imene imadziwa kumene kuli madzi, ndipo ana onse amayenda pakati pa amayi ndi azakhali awo. Auzeni kuti njovu imakhala ndi bere miyezi 22. Pamenepo ngakhale bambo a kunyumba adzayang'ana inu ndi ulemu wina.

Nanunso mupume

Mawu omaliza ndi a inu mwini. Kawirikawiri pa ulendo wotere mayi ndiye amadzuka usiku kuphika, ndiye amagawa chakudya, ndiye amapukuta ana, ndipo pobwerera ena onse akamasimba za njovu, iye amangokumbukira mbale ndi zigubu. Zisatero ayi. Phikani dzulo lake, ndipo gawanani ntchito ndi amayi anzanu: wina abweretse thobwa, wina mbatata, wina ndiwo. Pemphani abambo a ana mwaulemu kuti tsiku limenelo za madzi ndi za mwana woyenda dededee zikhale m'manja mwawo. Khalani pa windo nanunso, muone ndi maso anu. Ambirife tinakulira pafupi ndi nkhalango zimenezi, tinakwatiwa, tinabereka, osalowamo ndi kamodzi komwe.

Mukafika kunyumba, musalole kuti nkhaniyo ithere pa khomo. Ana asimbire anzawo ndi apongozi amene anatsala, ajambule zimene anaona, ndipo kope lija la mayina a mbalame lisungidwe kuti chaka chamawa adzawonjezere. Tsono pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu, inu mukhale woyamba kuiyambitsa nkhaniyi, musankhe tsiku, ndipo msungichuma atsegule tsamba latsopano m'buku lake.