Musanagule sipika, yang'anani kaye singano

Anthu ambiri amene amabwera ku shopu yanga yokonzera mawailesi ndi zoimbira nyimbo amayamba ndi funso limodzi: "Bambo, masipika awa ndi a ma watt angati?" Wina wanyamula gumbagumba ya malemu bambo ake, wina wagula ampulifaya yakale pa kaunjika wa zamagetsi, wina wangoyamba kumene kutolera mbale za nyimbo. Onsewo maso awo amakhala pa mabokosi akuluakulu. Ndi ochepa amene amafunsa za kanthu kali kunsonga kwa mkono wa choimbira mbale, singano. Koma pa zipangizo zonsezi, singano ndiyo imatha kuwononga chinthu chimene ine sindingathe kukonza. Sipika yong'ambika ndimaimata. Ampulifaya yopsa ndimaisinthira zipangizo. Mbale yopalika ilibe mmisiri.

Tengani mbale imodzi muiyang'ane pafupi ndi windo. Mbali iliyonse ili ndi mzere umodzi wokha, woyambira m'mphepete n'kumazungulira mpaka pakati. Pa mbale yaikulu ya mainchesi 12, mzerewo mutautambasula ungatalike mamita oposa 400, pomwe m'lifupi mwake sufika ndi gawo limodzi lomwe mwa magawo 10 a milimita. Suyenda mowongoka ayi, umapita mokhotakhota, ndipo kukhotako ndiye nyimboyo. Mawu a besi ndi makhoto aatali, mawu oonda a gitala kapena chitoliro ndi timakhoto tothithikana. Kuyambira mu 1958, pamene mbale za stereo zinayamba kugulitsidwa ponseponse, khoma limodzi la mzere limanyamula mawu a sipika ya kumanzere, linalo a kumanja.

Singano ndi kachidutswa ka dayamondi komatidwa kunsonga kwa kandodo kachitsulo. Mbale ikamazungulira, makoma a mzere amagwedeza dayamondiyo, ndipo kumapeto kwina kwa kandodoko kuli kamaginito kamene kamanjenjemera pafupi ndi waya wokulungidwa. Kunjenjemerako kumabala magetsi ochepa kwambiri, pafupifupi magawo 5 mwa 1,000 a volt imodzi. Nyimbo yonse imene mumavina pabalaza imachokera pamenepo. Palibe matsenga, ndi mwala wolimba ukukhudzana ndi pulasitiki yofewa, ndipo pa ziwirizi yomwe imagonja ndi pulasitiki.

N'chifukwa chake kulemera kwa mkono ndi nkhani yaikulu. Masingano ambiri abwino amafuna kutsamira pa mbale ndi kulemera kwa magalamu apakati pa 1.5 ndi 2.5, ndipo kumbuyo kwa mkono kumakhala chitsulo chozungulira chosinthira kulemerako. Tonse tinakula tikuona akuluakulu akuika ndalama yachitsulo pamutu pa mkono kuti singano isadumphe. Nyimbo inkapitirira inde, koma mbale zambiri zimene ndimazipeza zikulira mwaphokoso lero zinafera pomwepo. Kupeputsa mopitirira nakonso n'koipa, chifukwa singano imayamba kugundagunda makoma m'malo mowatsatira. Kasikelo koyezera kulemeraku n'kotsika mtengo kuposa mbale imodzi yatsopano, ndipo ndimadandaula kuti anthu ochepa okha ndi amene amakagula.

Dayamondi nayo imatha. Ikaimba maola apakati pa 500 ndi 1,000, m'mbali mwake mumaphwatalala, ndipo apo imayamba kugwira ntchito ya khasu: paliponse pamene yadutsa imapala khoma n'kuchotsa timakhoto ting'onoting'ono tija. Chizindikiro choyamba mumachimva woimba akamatchula "s", mawuwo amamveka ong'ambika, makamaka pa nyimbo zomaliza za pafupi ndi pakati. Kumeneko ndi kovuta kale ngakhale kwa singano yatsopano, popeza m'mphepete mzere umathamanga pansi pa singano masentimita pafupifupi 50 pa sekondi, koma pakati umatsika kufika pa 20 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye nyimbo yomweyo imapanikizidwa pamalo ochepa. Mukagula choimbira chogwiritsidwa kale ntchito, musakhulupirire wogulitsa akamati singano ikadali bwino. Iyeyo sanawerenge maola, inunso simungaone kutha kwake ndi maso. Sinthani musanaikepo mbale imene mumaikonda.

Dandaulo lina limene ndimalandira kawirikawiri ndi lakuti choimbira chikulira motsika kwambiri ndiponso mopanda besi. Nthawi zambiri sichinawonongeke. Pojambula mbale, amisiri amachepetsa dala besi n'kukweza mawu oonda. Akanapanda kutero, makhoto a besi akanakula kwambiri moti mbali imodzi sikanakwana mphindi 20. Makampani a ku America anagwirizana mu 1954 pa muyezo umodzi wochitira zimenezi, wotchedwa RIAA. Choncho poimba pamafunika kachipangizo kobwezeretsa besiyo ndi kukulitsa timagetsi tochepa tija. Maampulifaya akale anali nako mkati, pa bowo lolembedwa PHONO. Ambiri atsopano alibe, ndipo munthu akalumikiza pa AUX amangomva kunong'ona. Mankhwala ake ndi kabokosi ka phono preamp, kapena ampulifaya yakale yomweyo. Ndipo mukamva kung'ung'udza kosalekeza, funani kawaya kang'ono kopanda pulagi kochokera ku choimbira, mukamange pa sikuluwu yolembedwa GND.

Pa katundu wochokera kunja pali msampha wina umene wapsetsa zinthu zambiri zabwino. Magetsi a ESCOM ndi a ma volt 230 ndipo amasinthasintha ka 50 pa sekondi. A ku America ndi a ma volt 120, ka 60 pa sekondi. A ku Japan ndi a ma volt 100, ndipo Tokyo imagwiritsa ntchito 50 pamene Osaka imagwiritsa ntchito 60. Werengani kumbuyo musanalowetse pulagi. Ngakhale mutagula thiransifoma yotsitsa ma volt, zoimbira zina zakale zili ndi mota imene liwiro lake limadalira kusinthasintha kwa magetsiko, ndiye ya ku America ikafika kuno imazungulira ka 28 pa mphindi m'malo mwa 33⅓, woimba n'kumamveka wotopa. Zoimbira monga Technics SL-1200 MK2 ya mu 1979 zimadziyezera zokha liwiro ndi quartz, motero vutoli zilibe. Katundu wochokera ku Britain ndi South Africa amagwirizana ndi magetsi athu.

Tsopano masipika aja. Mapangidwe ake sanasinthe kwenikweni kuchokera pamene Chester Rice ndi Edward Kellogg a ku General Electric anawafotokoza mu 1925: waya wokulungidwa uli mkati mwa maginito, magetsi akadutsa umakankha chipepala cholimba kutsogolo ndi kumbuyo, chipepalacho n'kumakankha mpweya. Maginito ndi chipepala zimatha kukhala zaka 50 zili bwino. Chimene chimafa msanga ndi mkombero wolumikiza chipepala ku chitsulo. Masipika ambiri a m'ma 1970 ndi 1980 anali ndi mkombero wa siponji, ndipo siponji ikatha zaka 15 kapena 20 imayamba kunyenyeka mukangoikhudza, makamaka kumadera otentha ndi achinyezi monga kunyanja ndi ku Shire. Anthu akaona zimenezi amataya sipika yonse, kapena amachotsa yoyambayo n'kuikamo ya m'galimoto. Zimandipweteka mtima, chifukwa mkombero watsopano ndi guluu woyenera zimabwezeretsa sipikayo mmene inalili, pomwe ya m'galimoto sinapangidwire bokosi limenelo.

Bokosi si chosungiramo chabe. Mu 1954 Edgar Villchur anayambitsa kampani ya Acoustic Research ndi nzeru yakuti mpweya wotsekeredwa m'bokosi ndiwo uzibweza chipepala m'malo mwake, ndipo ndi nzeru imeneyi imene inachititsa kuti bokosi laling'ono lizitulutsa besi yozama. Sipika ya mtundu umenewu ikaboola, kaya ndi makoswe, chiswe, kapena mwini wake amene wauzidwa kuti bowo limawonjezera besi, mphamvu yake imathera pomwepo. Mabokosi amene ali ndi bowo kuchokera ku fakitale anayezedwa kukula ndi kutalika kwa bowolo, sanangoboola.

Poyesa sipika yakale pamsika simufunika zida zambiri. Kankhani chipepala chachikulu pang'onopang'ono ndi zala zotambasula mozungulira pakati. Chikamakhula mkati, waya wake unapsa kapena unapendekeka. Gundanitsani batire ya tochi ya ma volt 1.5 ku mawaya kwa kamphindi: chipepala chiyenera kusuntha, ndipo mbali ya + ikakhala pa chofiira chimatulukira kunja. Masipika onse awiri ayenera kusuntha mofanana. Waya wa imodzi ukatembenuzidwa, ina imakankha pamene inzake ikukoka, besi n'kuzimiririka, ndipo ndaonapo anthu akufuna kugula masipika ena chifukwa cha vuto la mawaya awiri. Mawu oonda akamveka ofooka, nthawi zambiri ndi ma capacitor a mkati amene auma ndi ukalamba, ndipo kuwasintha si ntchito yodula.

Nanga ma watt? Nambala zikuluzikulu zolembedwa PMPO pa makatoni ndi zotsatsira malonda, musaziwerengere. Sipika yabwino yakale ikapatsidwa watt imodzi yokha imatulutsa ma decibel 88 kapena 90 kwa munthu woima mita imodzi, phokoso lokwanira kuti anthu azikuwa polankhulana. Kuti khutu limve kuti phokoso lawirikiza kawiri pamafunika mphamvu yowirikiza pafupifupi ka 10. Choncho pabalaza ampulifaya yeniyeni ya ma watt 30 mbali iliyonse ndi yokwana. Chimene chimapsetsa timasipika ta mawu oonda kawirikawiri ndi ampulifaya yaing'ono yokwezedwa mpaka kumapeto, imene imayamba kutulutsa mawu ophwanyika. Ampulifaya nayo imapsa anthu akamalumikiza masipika ambiri pa bowo limodzi: awiri a ma ohm 8 amasanduka 4, anayi amasanduka 2, ndipo maampulifaya ambiri a m'nyumba sangapirire pamenepo. Kwezani masipika kuchoka pansi kuti kasipika kakang'ono kalingane ndi khutu mukakhala pampando, ndipo musawaike patebulo limodzi ndi choimbira, chifukwa kunjenjemera kwawo kumabwerera ku singano.

Pali funso limene achinyamata amandifunsa akuyembekezera kuti ndivomera: kodi mbale imamveka bwino kuposa CD? Mukayeza ndi makina, CD ndi yoyera kuposa mbale, ilibe kuthetheka ndipo siitha poiimba. Amene amakuuzani kuti mbale ili ndi mphamvu yobisika akufuna akugulitseni kanthu. Ine chimene chimandisungitsa mbale n'china. Nyimbo zambiri za kuno kwathu zilipo pa mbale pokha.

Makolo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni ndi ku Halale ankabwerako ndi magalamafoni opukusa ndi mbale za 78 za kampani ya Gallo. Kenako kunabwera magumbagumba a Supersonic opangidwa ku Bulawayo, ndi mbale zazing'ono za 45 zimene RCA Victor inayambitsa mu 1949, patangotha chaka Columbia itatulutsa zazikulu za 33⅓. Pa mbale zazing'onozi ndi pamene anthu anavinira simanjemanje ya Mahotella Queens ndi kanindo wa ku Kenya, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kampani ya Nzeru inatulutsa mbale za oimba a kuno. Ku Zambia, fakitale ya Teal ku Ndola inkadinda mbale za magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. Lero otolera mbale a ku Ulaya, America ndi Japan amazisaka ndi ndalama zambiri, ndipo kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso zina mwa izo. Magulu amenewo anachita mwayi. Pali oimba ena ambiri amene anadinda mbale zochepa m'makampani ang'onoang'ono omwe anatsekedwa kalekale, matepi oyamba osapezekanso. Mbale imene ili m'sutikesi ya agogo anu ikhoza kukhala imodzi mwa zochepa zotsala, ndipo ikadutsidwa ndi singano yotha kangapo, mawu a woimbayo amachepa mpaka kalekale.

Choncho mukapeza mbale zoterezi, musathamangire kuziimba. Ziimikeni chilili, osati kuzisanjikiza, pamalo opanda dzuwa ndi chinyezi, chifukwa kutentha kumazipinda ndipo nkhungu imamera m'mizere. Zitsukeni ndi madzi oyera a distilled, omwe amathira m'batire ya galimoto, osati asidi wake, muthiremo kadontho ka sopo wamadzi wotsukira ziwiya, mupukute ndi nsalu yofewa motsatira mizere osanyowetsa pepala lapakati, kenako muzitsukuluze n'kuzisiya ziume. Mbale za 78 n'zosiyana: zinapangidwa ndi shellac, zimasweka zikagwa, ndipo sipiliti amazisungunula. Mzere wake ndi waukulu kuposa wa mbale za 33 ndi 45, motero zimafuna singano yakeyake yonenepa. Makava ong'ambika musawataye, ndipo lembani dzina la woimba, la kampani ndi nambala imene ili pa pepala lapakati, popeza nambalayo ndiyo imathandiza kudziwa chaka chimene mbaleyo inatuluka. Ku shopu kwanga, mbale ya kuno imene sindinaionepo ndimaiimba koyamba ndi singano yatsopano nditalumikiza kale kompyuta, kuti mwini wake apite ndi nyimbozo pa foni ndipo mbaleyo ibwerere m'kava mwake.