Cithunzi ndi Mawu pa Kanema

Ku Lunho anthu amavina mganda. Masiku ano anyamata amajambula guleyu pa foni. Madzulo banja limakhala pamphasa ndi kuonera kanemayo.

Pa kanema pali zinthu ziwiri: cithunzi ndi mawu. Maso amaona cithunzi. Makutu amamva mawu. Foni imagwira cithunzi ndi kamera. Imagwira mawu ndi maikolofoni. Ciliconse cili ndi njira yake. Nthawi zina cimodzi cimatsala m'mbuyo. Woyimba ng'oma wamenya, dzanja labwerera kale m'mwamba, kenako ndi pomwe ng'oma imveka: du!

Kodi mwana angadziwe bwanji kuti kanema wasokonekera?

Ayang'ane milomo. Ponena kuti "mayi", "bambo" kapena "phala", milomo imayamba yagundana. Palibe munthu anganene "ba" milomo isanagundane. Ngati mwana wamva "ba" koma milomo ya munthu wa pa kanema igundana pambuyo pake, mawu atsogola.

Ayang'anenso manja. Munthu akaomba m'manja, phokoso liyenera kumveka pomwe manja akumana. Akatswiri a kanema amacita zomwezo. Kanema wakale analibe mawu. Kanema wa mawu anayamba kufala mu 1927, ku America. Mpaka lero ojambula amamenyanitsa timatabwa tiwiri patsogolo pa kamera: pha! Pambuyo pake amalumikiza phokosolo ndi cithunzi ca timatabwato.

Pali kanema wina wocokera kunja amene amamuikira mawu a Cinyanja kapena a Cipwitikizi. Pamenepo milomo siyigwirizana ndi mawu. Koma foni sinawonongeke ayi. Munthuyo ankalankhula ciyankhulo cina.

Ngakhale kunyanja, kopanda foni, mawu amacedwa. Bambo akusema bwato kutali pa gombe. Mwana amaona nkhwangwa itagwa, kenako amamva: go! Nthawi ya mvula mphezi imang'anima pa nyanja ya Niassa. Bingu limagunda pambuyo. Kuwala kumathamanga kwambiri, kumafika nthawi yomweyo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi. Kuti ayende kilomita imodzi, amatenga masekondi 3.

Cifukwa cake makutu anazolowera mawu ocedwa. Pa kanema mawu akacedwa pang'ono, anthu ambiri sazindikira. Koma mawu akatsogola, ngakhale mwana wamng'ono amadabwa msanga. Iye sanamvepo bingu mphezi isanang'anime.

Ana angayese ndi makolo awo pa bwalo la mpira. Bambo aime ku goli imodzi ndi timatabwa tiwiri. Ana aime ku goli inayo. Bambo amenyanitse timatabwato. Ana akweze dzanja pomwe aona, akwezenso lina pomwe amva. Kenako bambo abwere pafupi, amenyenso.