Mtsinje Ukaipitsidwa, Lamulo Limati Ciyani?

Pa 18 February 2025 damu losungiramo madzi oipa a mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linagumuka. Madzi a asidi anathamangira mu mtsinje wa Mwambashi n'kukagwera mu Kafue. Nsomba zinafa n'kuyandama, minda ya m'mbali mwa mtsinje inapserera, ndipo anthu a ku Kitwe anatsekeredwa madzi a m'mipope. Ife a kumudzi tinangomva pa wailesi n'kupukusa mitu, poganiza kuti za ku migodi n'zakutali. Koma lamulo limene linanenedwa masiku amenewo ndi lomwelo limene likhudza dambo lathu, citsime cathu ndi dzala la kuseri kwa msika.

Lamulolo ndi Environmental Management Act la mu 2011. Ndilo linakhazikitsa bungwe la ZEMA, m'malo mwa Environmental Council of Zambia imene inayamba ndi lamulo la mu 1990. Cigawo cacinayi ca lamuloli cimanena kuti munthu aliyense wokhala mu Zambia ali ndi ufulu wokhala pa malo aukhondo, osaopsa ndi opatsa thanzi. Silinati wa m'tauni yekha kapena wophunzira yekha. Ndipo ngati ufuluwo waopsezedwa, munthu angapite kukhoti kukapempha kuti woipitsayo aleke ndi kukonza cimene anaononga. Mfundo yake ndi imene makolo athu anaidziwa kale pa bwalo la nyakwawa: ng'ombe zikadya cimanga ca mnzako, wolipira ndi mwini ng'ombe.

Ena adzati, “Aphunzitsi, mlimi wosauka angalimbane ndi kampani?” N'zovuta ndithu, ndipo zimatenga zaka. Koma zinacitikapo. Anthu 1,826 a m'midzi ya pafupi ndi Chingola anadandaula kuti mgodi wa mkuwa unaipitsa madzi ndi minda yawo. Mu 2019 khoti lalikulu koposa la ku London linagamula kuti mlandu wawo wotsutsana ndi kampani ya Vedanta ungazengedwe kumeneko, ndipo pambuyo pake kampaniyo inavomera kuthetsa nkhaniyo mwa kulipira. Ambiri a iwo anali alimi a khasu ngati ife.

Udindo wa boma pa nkhaniyi ndi wotani? Munthu asanatsegule mgodi, fakitale kapena damu lalikulu, ayenera kufufuza mmene nchitoyo idzakhudzira nthaka, madzi ndi anthu, ndipo ZEMA iyenera kuvomereza. Pa nchito zikuluzikulu anthu okhala pamalopo ayenera kufunsidwa maganizo. Tsono mukamva kuti alendo aitanitsa msonkhano kwa amfumu za malo a mgodi, musatumeko ana. Pitani nokha, funsani kumene madzi oipa adzapita, ndipo pemphani kuti mayankhowo alembedwe. Tinaona ku Kabwe cimene cimacitika boma ndi eni mgodi akalekerera: mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akupezeka ndi mtovu m'magazi cifukwa ca fumbi la pamalo posewerera. Mtovu umafooketsa nzeru za mwana, ndipo ife amene tinagwirapo coko m'kalasi tikamva zimenezi mtima umatiwawa.

Zinyalala za m'misika ndi m'makomboni zili ndi lamulo lakelake la mu 2018, limene linapereka nchitoyo m'manja mwa makhonsolo. Mulu wa zinyalala ukakhala pa msika mwezi wathunthu, wofunsidwa ndi khansala wathu ndi khonsolo. Si kupempha cifundo ayi, ndi nchito yawo. Caka comweco boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikiloni 30, aja amene amang'ambika musanafike pakhomo n'kukathera m'mimba mwa mbuzi. Ngakhale zili tero, timawaonabe m'magolosale.

Koma tinene zoona, abale, lamuloli lili ndi mbali imene imatiloza ifenso, pakuti limati munthu aliyense ali ndi udindo woteteza malo. Tikatha kupopera thonje kapena matimati, mabotolo a mankhwala timawatsukira kuti? Ambirife pa mtsinje womwewo umene amayi amatungapo kumunsi. Ena amasungiramo mcere kapena mafuta ophikira. Ena amathira mankhwala m'dziwe kuti nsomba ziyandame, n'kukazigulitsa kwa anansi awo. Botolo la mankhwala litsukidwe katatu, madzi otsukirawo athiridwe mu mpope wopoperawo, kenako libooledwe kuti mwana asalitole n'kumweramo. Wogulitsa mankhwala otere ayenera kukhala ndi cilolezo ca ZEMA, ndipo amene amakuthirirani m'kabotolo kopanda dzina pa msika musamugule.

Mukaona nsomba zafa kapena madzi asintha mtundu, lembani tsiku ndi malo, uzani anyakwawa ndi a zaumoyo pa cipatala capafupi, ndipo nkhaniyo ifike ku khonsolo ndi ku ZEMA. Ziweto musazimwetsepo kufikira madziwo atapimidwa.