Kukongoletsa Keke Yopirira Kutentha kwa Dera la Chapananga

Kale keke inkaoneka pa ukwati pokha, ndipo kawirikawiri inkachita kuitanitsidwa kuchokera kutauni. Masiku ano zinthu zasintha m'dera la Mfumu Yaikulu Chapananga monganso m'madera ena a boma la Chikwawa. Mwana akakwanitsa chaka, makolo amafuna keke yolembedwa dzina lake. Pa chinkhoswe, pa bridal shower pamene amayi amasonkhana kudzalangiza ndi kufupa mkwatibwi, ndiponso pa baby shower ya mayi woyembekezera, keke ndiyo imakhala pakati pa tebulo. Amayi ndi achinyamata ena apezapo mpata wa ndalama: amaphikira pakhomo, amaonetsa zithunzi za ntchito yawo pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo amalandira malipiro kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba.

Vuto n'lakuti zithunzi zambiri zimene ophika amatengerapo chitsanzo zinajambulidwa kumadera ozizira kapena m'nyumba zokhala ndi firiji. M'chigwa cha Shire, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumafika madigiri 40 ngakhale kuposerapo. Keke imene inali yosiririka m'mawa ikhoza kufika pamwambo maluwa atagwa, dzina litafufutika, mwinanso itasanduka chakudya chodwalitsa. Choncho wophika asanasankhe maonekedwe a keke, ayambe wadziwa maola amene idzakhale pakutentha isanadulidwe ndi mtunda umene idzayende. Mayankho a mafunso awiriwa ndiwo ayenera kumusankhira zokongoletsera.

Chimene chimasungunula ayisingi

Ayisingi ndi chophimba chotsekemera chimene amapaka pamwamba ndi m'mbali mwa keke. Wotchuka kwambiri ndi buttercream, amene amapangidwa popuntha mafuta olimba pamodzi ndi shuga wosalala ngati ufa, wodziwika kuti shuga wa ayisingi. Muyezo wake ndi wosavuta: magalamu 250 a mafuta pa magalamu 500 a shuga. Chimene chimaimika maluwa ndi mizere ya ayisingi ameneyu ndi mafutawo, ndipo mafuta akasungunuka zonse zimagwa.

Bata amasungunuka pa madigiri 32 mpaka 35, kutentha kumene masana a chilimwe kwa Chapananga amakudutsa ngakhale pamthunzi. Majarini wofewa wopaka pa buledi amakhala ndi madzi ambiri, motero amalephera msanga. Majarini wouma wophikira, wogulitsidwa ngati njerwa yokulungidwa m'pepala, amapirirako. Mafuta oyera olimba ochokera ku zomera ndiwo amalimba koposa chifukwa amasungunuka kutentha kukadutsa madigiri 40. Ophika ambiri a kumadera otentha amasakaniza theka la majarini wophikira ndi theka la mafuta oyerawa kuti apeze kukoma ndi kulimba pamodzi.

Njira ina yotsika mtengo ndi ayisingi wa madzi. Pa magalamu 250 a shuga wa ayisingi wosefedwa amathira masupuni aakulu awiri kapena atatu a madzi kapena a madzi a mandimu, n'kutakasa mpaka zitasalala. Popeza mulibe mafuta, ayisingi ameneyu akauma sasungunuka ndi kutentha. Sapanga maluwa oimirira, koma amaphimba bwino pamwamba pa keke ndipo amalembeka.

Fondant, amene amafulatidwa ngati chinsalu n'kuyalidwa pa keke, amapirira kutentha kouma. Mdani wake ndi chinyezi cha nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene shuga amakoka madzi a mumpweya ndipo keke imaoneka ngati ikutuluka thukuta. Pansi pa fondant ndi bwino kupaka jamu pang'ono m'malo mwa buttercream wambiri, chifukwa mafuta akasungunuka mkati, chophimba chonse chimatsetsereka.

Mitundu iwiri yofunika kuipewa

Kirimu wa mkaka amafuna firiji kuyambira popangidwa mpaka podyedwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chosachedwa kuwonongeka chisungidwe pansi pa madigiri 5 kapena pamwamba pa madigiri 60, ndipo chophika chisakhale pamtunda kuposa maola awiri. Nyumba zambiri za kwa Chapananga zilibe firiji, ndipo ngakhale kumene kuli magetsi sangadaliridwe nthawi zonse. Anthu a boma lino akukumbukira kuti mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mwambo umene wayamba 10 koloko m'mawa, keke n'kudzadulidwa perekaniperekani atatha madzulo, suyenera keke ya kirimu wa mkaka.

Wachiwiri ndi ayisingi wopangidwa ndi choyera cha dzira laliwisi, amene amauma gwa ndipo ena amamukonda polembera. Dzira laliwisi likhoza kukhala ndi tizilombo ta Salmonella, timene timayambitsa kutsekula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi. Amene amavutika nato kwambiri ndi ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi okalamba. Awa ndiwo eni ake a maphwando okumbukira kubadwa ndi a baby shower, ndipo ndiwo amalandira chidutswa choyamba.

Ndondomeko ya kakongoletsedwe

Ophika ambiri alibe uvuni wa magetsi. Amagwiritsa ntchito mbaula ndi poto wamkulu wothira mchenga pansi, makala ena n'kuika pachivundikiro, monga amaphikira chigumu. Njirayi imatulutsa keke yabwino, bola makala akhale atayaka mokwanira ndi kusiya kufuka kuti keke isanunkhe utsi. Pamwamba pakatukumuka kapena kupserera, amadulapo ndi mpeni wautali kuti pakhale posalala.

Keke iyenera kuzizira mpaka mkati isanapakidwe chilichonse, ndipo zimenezi zimatenga maola osachepera awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Njira yabwino ndi kuphika madzulo, kuvundikira keke ndi nsalu yoyera usiku wonse, n'kudzakongoletsa m'mamawa kusanatenthe. Pofuna kuteteza keke ku nyerere, mbale yake ikhazikidwe pa chitini choikidwa m'beseni la madzi.

Ayisingi amapakidwa kawiri. Koyamba amapaka wochepa kwambiri kuti agwire nyenyeswa za keke, n'kudikira kuti aume pang'ono. Kachiwiri amapaka wokwanira ndi kumusalaza ndi mpeni wopanda mano woviika m'madzi otentha ndi kupukutidwa. Amene alibe tebulo lozungulira akhoza kukhazika mbale pa poto wovundikira n'kumaitembenuza ndi dzanja. Polemba, pepala lophikira lopindidwa ngati fanulo kapena kathumba katsopano ka zakudya kodulidwa pakona kamagwira ntchito. Dzina ndi zaka za mwini phwando zitumizidwe pa uthenga wa pafoni kuti zikoperedwe molondola, ndipo ziyambe zalembedwa mopepuka ndi nsonga ya kamtengo koyera zisanatsatiridwe ndi ayisingi. M'nyengo yotentha, mizere yochepa ndi maluwa aafupi zimakhalitsa kuposa maluwa ataliatali.

Utoto ndi zoika pamwamba

Utoto wothira mu ayisingi uyenera kukhala wa zakudya, wa m'botolo lolembedwa dzina la kampani, zimene zili mkati ndi tsiku lothera ntchito. Ufa wa utoto wogulitsidwa m'timapepala topanda malemba pa tsiku la msika sudziwika chimene uli, ndipo ukhoza kukhala wonyikira nsalu. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayang'anira miyezo ya zakudya zogulitsidwa m'dziko muno, ndipo chizindikiro chake pa katundu wopangidwa m'dziko muno n'chofunika kuchiyang'ana.

Zokongoletsera zina zili pafupi. Ufa wa koko umapereka mtundu wa chokoleti. Madzi owiritsa a chidede amafiiritsa ayisingi wa madzi. Ufa wa malambe, amene ndi ochuluka m'chigwa chino, ukasefedwa bwino umalimbitsa ayisingi ndi kumupatsa kuwawasa kochepetsa kutsekemera. Mtedza wokazinga wosinja umabisa m'mbali mosasalala, koma ukhale wosankhidwa, wopanda chuku, ndipo wophika afunse ngati pali mwana amene thupi lake limadana ndi mtedza. Mango ndi mapapaya odula amatulutsa madzi ndi kusasa msanga, choncho aziikidwa keke itatsala pang'ono kudulidwa.

Maluwa othyola pabwalo asabayidwe pa keke, chifukwa ena ali ndi poizoni ndipo ena anapoperedwa mankhwala. Chithunzi chosindikizidwa pa pepala wamba chisagunde ayisingi. Tizidole, mikanda ndi timitengo zichotsedwe keke isanagawidwe, popeza mwana akhoza kutsamwa nazo.

Madzi ndi manja

Keke imapsa pamoto, koma ayisingi saphikidwa. Chilichonse chimene chili m'madzi, m'manja kapena pa supuni chimapita m'kamwa mwa alendo momwemo. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo umafala kudzera m'madzi ndi chakudya. Madzi othira mu ayisingi akhale owiritsa kapena othira klorini, ngakhale atakhala a pamjigo. Wophika asambe m'manja ndi sopo, awenge zikhadabo, amange mpango kumutu, ndipo asanyambite chala kapena supuni n'kubwezeranso m'mbale. Amene akutsekula m'mimba kapena ali ndi bala pachala asagwire keke ya anthu.

Ulendo wa keke

Makeke ambiri amawonongekera panjira. Mayendedwe a kwa Chapananga ndi a fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja, ndipo kuwonongeka kwa mlatho wa pa mtsinje wa Mwanza ndi namondwe Ana kunaonetsa kuti ulendo wa ola limodzi ukhoza kusanduka wa tsiku lonse. Keke ikhale pa thabwa lolimba loposa kukula kwake, itamatidwa ndi ayisingi pang'ono pansi, m'katoni yotsekeka. Pa njinga yamoto katoni isamangidwe pakaliyala. Wokwera kumbuyo aigwire mopingasa, itaphimbidwa ndi nsalu yoyera. Keke yosanja iyende yosiyanitsa n'kukasanjidwa pamalo a mwambo. Kunyamuka m'mawa, ndi kutenga ayisingi wotsala wokakonzera pamene pakhudzika, kumapulumutsa ntchito ya masiku awiri.

Mtengo ndi chiphaso

Tirigu wambiri wopangira fulawa amachokera kunja, choncho mtengo wake umatsatira mphamvu ya kwacha, imene inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngakhale shuga amapangidwa ku Nchalo m'boma lomwe lino, mtengo wake nawonso umasintha. Wophika amene amatchula mtengo pongoyerekeza amapezeka kuti wagwira ntchito yaulere. M'kope mulembedwe zonse: fulawa, mazira, mafuta, shuga, utoto, makala, katoni, thabwa, mayendedwe ndi maola a wophikayo. Afunsenso chiwerengero cha alendo, podziwa kuti keke yozungulira ya masentimita 20 imakwanira anthu pafupifupi 15. Theka la ndalama lilandiridwe poyamba, chifukwa keke yolembedwa dzina la munthu singagulitsidwe kwa wina. Ngongole ya ku banki mkhonde imapindula ikagulira zida zokhalitsa monga sikelo, zitini zophikira ndi sefa.

Amene wayamba kugulitsa makeke mokhazikika afike ku ofesi ya zamalonda ya khonsolo kuti adziwe za chiphaso, ndipo aonane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake za kuyezetsa kumene ogwira chakudya cha anthu amafunika kuchita. Nawonso oitanitsa keke ali ndi mbali yawo: anene nthawi yeniyeni imene keke idzadulidwe, aikonzere malo a mthunzi, ndipo amvere wophika akawauza kuti chithunzi chimene abweretsa sichingapirire dzuwa la Okutobala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Kumudzi mbiri imayenda msanga, ndipo wophika amene keke yake inafika yosagwa, alendo n'kudya osadwala, ndiye amaitanidwanso mwana akamakwanitsa chaka china.