Chiphaso Choyendetsera Ndege Sachipeza Mothamanga

Ndege ikamadutsa pamwamba pa mudzi, ana amasiya maseŵera ao nayamba kuiloza ndi zala, ndipo sipalephera mmodzi wonena kuti, "Ine ndikadzakula ndidzayendetsa imeneyo." Makolo ambiri amangoseka, poyesa kuti ntchito yotere ndi ya anthu ena obadwa mosiyana ndi ife. Koma zoona zake n'zakuti pafupifupi aliyense woyendetsa ndege, ngakhale uja wa ndege yaikulu yonyamula anthu 300, adayambira pa kandege ka mipando iŵiri kapena inai, mphunzitsi ali pambali pake. Mwezi uno tafuna kuti makolo ndi achinyamata muone pamodzi njira imene munthu amayenda kuti alandire chiphaso choyamba, chimene chimamlola kuyendetsa ndege yaing'ono pa maulendo a iye mwini. Mudzaona kuti chiphasochi chimafuna munthu wodekha ndi womvera malamulo koposa munthu wolimba mtima.

Mtsikana wa m'munda wa thonje

Bessie Coleman adabadwa m'chaka cha 1892 ku Texas, m'dziko la America, m'banja losauka la anthu akuda la ana 13. Adakula akutola thonje m'minda, ndipo ku koleji adangophunzirako teremu imodzi, ndalama n'kutha. Mu 1915 adapita ku mzinda wa Chicago, kumene adapeza ntchito yokonza zikhadabo za anthu m'nyumba yometera tsitsi. Kumeneko ankamva nkhani za oyendetsa ndege a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo mtima wake udakhumba kuphunzira ntchitoyo. Sukulu za ndege za ku America zidamkana pa zifukwa ziŵiri: adali mkazi, ndiponso adali wakuda.

Robert Abbott, mwini wake wa nyuzipepala ya Chicago Defender, adamlangiza kuti akayese ku France. Mtsikanayo adayamba waphunzira Chifalansa uku akusunga ndalama, ndipo mu Novembala 1920 adaoloka nyanja nakaloŵa sukulu ya ndege ya Caudron ku Le Crotoy. Pa 15 Juni 1921 adalandira chiphaso chake, nakhala mkazi woyamba wakuda wa ku America kuchilandira. Adali ndi zaka 29. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Bessie adayenera kuphunzira chilankhulo chachilendo asanakhudze chiwongolero n'komwe.

Zimene malamulo afuna

Masiku ano khomo n'lotsekukira aliyense, koma pakhomopo pali malamulo. Bungwe loyang'anira za maulendo a ndege pa dziko lonse, lotchedwa ICAO, limene lidachokera pa pangano la ku Chicago la mu 1944, ndilo limaika muyeso, ndipo dziko lililonse limalemba malamulo ake motsata muyesowo. Wofuna chiphasochi asachepere zaka 17. Ayesedwe ndi dokotala wovomerezeka, amene amapima mtima, makutu ndi maso. Kuvala magalasi sikuletsa munthu, koma wolephera kusiyanitsa mitundu, monga kufiira ndi kubiriŵira, akhoza kuikidwa malire, pakuti nyali za ndege ndi za pabwalo zimalankhula ndi mitundu imeneyi.

Pambuyo pake pamafunika maola 40 a mumlengalenga. Mwa ameneŵa, maola 10 wophunzira auluke yekha, ndipo 5 mwa maola 10 aja akhale a ulendo wochoka pa bwalo lina kunka pa lina. Ulendo umodzi usachepere makilomita 270, ndipo atere pa mabwalo aŵiri osiyana. Maiko ena, monga South Africa, amafuna maola 45. Ziŵerengero zimenezi ndi poyambira chabe, chifukwa ophunzira ambiri amapitirira maola 60 mphunzitsi asanakhutire nao. Ola lililonse limalembedwa m'buku la wophunzira, ndipo bukulo amalisunga moyo wake wonse.

Phunziro limayambira pansi

Ndege imene sukulu zambiri zimaphunzitsira ndi Cessna 172, ya mipando inai ndi injini imodzi. Idayamba kupangidwa mu 1956, ndipo zapangidwa zoposa 44,000, kuposa ndege ya mtundu wina uliwonse. Wophunzira amene wabwera ndi changu chofuna kukwera kumwamba amadabwa poona kuti ntchito yoyamba ndi kuzungulira ndegeyo wapansi, mndandanda uli m'manja. Amayang'ana mapiko, matayala ndi mchira. Amayesa oilo. Amatsekula matanki kuti aone mafuta ndi maso ake, osangokhulupirira muvi wa pa geji. Amakhetsera mafuta pang'ono m'kabotolo kuti aone ngati muli madzi, pakuti madzi amalemera koposa mafuta ndipo amakhala pansi. Galimoto ikazima panjira munthu amaimika pambali pa mseu, koma kumwamba kulibe pambali poimika.

Imfa ya Bessie Coleman imaphunzitsa chomwechi. Pa 30 Epulo 1926, ku Jacksonville m'chigawo cha Florida, adakwera ndege yakale imene adali atangogula, makaniko wake William Wills akuyendetsa. Bessie sadamange lamba chifukwa ankasuzumira pansi kuti aone malo odzadumphirapo ndi parachuti m'maŵa mwake. Mwadzidzidzi ndege idazondoka, iye n'kugwa, ndipo Wills nayenso adafera m'ndegemo. Pambuyo pake kudapezeka kuti sipanala idakodwa m'zitsulo za chiwongolero. Kanthu kakang'ono koiŵalika kadathetsa moyo wa mai wa zaka 34 amene ankalakalaka kutsekulira anthu akuda sukulu ya ndege.

Akaloŵa m'ndege, wophunzira amapeza kuti pansi ndege saikhotetsa ndi manja ai, koma ndi mapazi, popondera zopondera ziŵiri. Chiwongolero cha m'manja chimagwira ntchito kumwamba: kuchikoka kumakweza mphuno ya ndege, kuchikankha kumaitsitsa, kuchipotoza kumapendeketsa mapiko kuti ndege ikhote. Mphunzitsi ali ndi chiwongolero chakechake, kotero kuti akhoza kulanda ndege nthaŵi iliyonse. Ndege ikathamanga pa mseu wake kufikira liŵiro la makilomita pafupifupi 100 pa ola, mphepo yodutsa pa mapiko imakhala ndi mphamvu yokwanira kuinyamula.

Phunziro limene limaopsa ambiri ndi ili. Ali kutali kumwamba, mphunzitsi amauza wophunzira kuti achepetse moto wa injini ndi kukweza mphuno mopitirira muyeso. Mphepo imasokonezeka pamwamba pa phiko, mphamvu yonyamula ija imachepa, ndipo ndege imayamba kumira. Mtima wa munthu umati, "Koka kuti ukwere!" Koma kukoka ndiko kumaonjeza ngozi. Mankhwala ake ndi kukankha chiwongolero, kutsitsa mphuno ndi kuonjeza moto kuti mphepo iyendenso bwino pa phiko. Wophunzira amabwereza zimenezi kufikira manja ake atazoloŵera kumvera chiphunzitso m'malo momvera mantha. Momwemonso mphunzitsi amachepetsa moto mosachenjeza, nafunsa kuti, "Injini yazima, utera pati?" Ndege yaing'ono siigwa ngati mwala injini ikazima, imatsika pang'onopang'ono ngati mphamba wotambasula mapiko, ndipo woyendetsa amakhala ndi mphindi zochepa zosankhira munda kapena dambo loterapo.

Chovuta koposa zonse ndi kutera. Wophunzira amanyamuka, kuzungulira bwalo, kutera, kunyamukanso, kambirimbiri. Tsiku lina mphunzitsi amatsika, natseka chitseko, namuuza kuti azungulire yekha. Oyendetsa ndege saiŵala tsiku limenelo. Ku America kuli mwambo wakuti wophunzira akatera, mphunzitsi amadula nsalu ya kumbuyo kwa malaya ake nalembapo tsikulo.

Mabuku, wailesi ndi mayeso

Theka la ntchito lili m'kalasi. Wophunzira amaŵerenga malamulo a mumlengalenga, kayendedwe ka injini, kaŵerengedwe ka mapu, ndi za nyengo. Amaphunzira kulankhula pa wailesi ndi anthu a pa nsanja ya bwalo, ndipo pa maulendo a pakati pa maiko chilankhulo chake ndi Chingerezi. Masamu nawo ndi ofunika tsiku ndi tsiku: kulemera kwa anthu, katundu ndi mafuta kusapitirire muyeso, ndipo mafuta akhale okwanira ulendo wonse ndi ena otsalira. Kutalika kwa dziko ndi kutentha kumaloŵanso m'masamumo. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe lili pa mamita pafupifupi 1,230 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo masana a mu Okutobala mpweya wa pamalo otere umapepuka, kotero kuti injini imachepa mphamvu ndipo ndege imafuna mseu wautali kuti inyamuke. Katundu amene ndege idanyamula bwino m'maŵa kukuzizira akhoza kuilemera masana.

Potsiriza pali mayeso olemba, kenaka mayeso a m'ndege ndi woyesa wovomerezedwa ndi boma. Woyesayo amafunsa mafunso pansi, kenaka amakwera nayang'ana zonse: kunyamuka, kukhota, kutsata mapu, kusintha ulendo pakati panjira, ndi kutera. Wopambana amalandira chiphaso.

Malire a chiphaso

Chiphasochi chimalola munthu kunyamula abale ndi abwenzi, koma sichimlola kulandira malipiro. Wofuna kudya nayo ntchitoyi apitirize mpaka chiphaso cha malonda, chimene pa muyeso wa ICAO chimafuna maola 200, kapena 150 pa maphunziro ovomerezeka, pamene chiphaso chapamwamba cha akapitao a ndege zazikulu chimafuna maola 1,500. Malire ena, aakulu koposa, ndi a nyengo. Mwini chiphaso choyamba amayenda poyang'ana kunja, ndipo saloledwa kuloŵa m'mitambo pokhapokha ataphunzira mwapadera kuyendetsa poyang'ana zipangizo zokha.

Chifukwa chake chili m'thupi lathu lomwe. M'kati mwa khutu muli tinjira ta madzi timene timauza munthu ngati ali chilili kapena wapendekeka. Ndege ikapendekeka pang'onopang'ono timadzi timeneti sitimva kanthu, ndipo ngati maso sakuona pamene thambo lakomana ndi dziko, woyendetsa amakhulupirira kuti akuyenda molunjika pamene ndege ikuzungulira chotsika. Mu 1954 a pa yunivesite ya Illinois adayesa oyendetsa 20 osaphunzira za zipangizo, ataŵatsekera kuti asaone kunja. Onse 20 adalephera kuigwira ndege, ndipo poŵerengera pakati adangopirira masekondi 178.

Izi n'zimene zidagwera John F. Kennedy Jr., mwana wa pulezidenti wakale wa America. Adalandira chiphaso chake mu 1998, ndipo adali ndi maola pafupifupi 310, koma adali asanatsirize maphunziro a zipangizo. Madzulo a pa 16 Julayi 1999 adanyamuka ku New Jersey pa ndege yake ya Piper Saratoga, pamodzi ndi mkazi wake Carolyn ndi mlamu wake Lauren Bessette, kunka ku chilumba cha Martha's Vineyard. Mphunzitsi wina adadzipereka kuti amperekeze, koma iye adasankha kuyendetsa yekha. Kunja kudada, pa nyanja padali chifunga, ndipo ndege idagwera m'madzi, onse atatu n'kufa. Ofufuza sadapeze chilema pa ndegeyo, ndipo adagamula kuti woyendetsa adasokonezeka osadziŵanso kumwamba ndi pansi. Malamulo a dziko lake ankamlola kunyamuka usiku umenewo. Chidasoŵa ndi mau akuti, "Tigone, tipita maŵa." Aphunzitsi a ndege amaŵerengera mau ameneŵa ngati luso lalikulu la woyendetsa, ndipo ndi ovuta kunena pamene anthu akukudikira ndipo wavala kale za ulendo.

Kwa makolo ndi achinyamata

Tsono inu makolo, mwana akanena kuti afuna kuyendetsa ndege, musamseke, komanso musambisire kulemera kwa mtolo. Maphunziroŵa ndi odula: ku America chiphaso choyambachi chimadya madola oposa 10,000. Musanalipire kanthu ku sukulu, yambani mwampititsa kwa dokotala wovomerezeka, kuti mungataye chuma pa njira imene thupi lake silingaloledwe kuyendamo. Funsani ku ofesi ya boma yoona za ndege ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, pakuti safunsa adadya phula. Ndi bwinonso kusonkhanitsa ndalama zokwanira asanayambe, chifukwa wophunzira wodukizadukiza amaiŵala, nabwereza maola, nalipira kaŵiri. Musasiyanitse mwana wamwamuna ndi wamkazi. Mu 2017 ndege ya Malawian Airlines idauluka kuchokera ku Blantyre mpaka ku Dar es Salaam ndi antchito aakazi okhaokha, kapitao wake ali Yolanda Kaunda.

Inu achinyamata, maphunziro anu a ndege ayamba kale pamene muli. Limbikirani masamu, sayansi, jogalafe ndi Chingerezi. Sungani thupi lanu, chifukwa moŵa ndi chamba sizigwirizana ndi chiwongolero, ndipo dokotala adzakuyesani kaŵirikaŵiri moyo wanu wonse wa ntchito. Zoloŵerani kutsiriza bwino ntchito zazing'ono zimene palibe amene akukuonani, monga kubweza khasu kapena sipanala pamalo pake. Phunziraninso kulandira chidzudzulo popanda kukwiya, pakuti ndadziŵa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Tsiku limene mphunzitsi adzatsike m'ndege nakusiyani nokha, adzakhala ataona makhalidwe ameneŵa mwa inu kwa miyezi yambiri.