Maulendo Atatu Opita ku Chinkhoswe

M'nkhani yathu ya lero tikamba za maulendo amene amayendedwa pamene mnyamata ndi mtsikana agwirizana zomanga banja. Kale nkhani imeneyi sikadafuna kufotokozedwa, pakuti mnyamata ankafunsira mbeta ya m'mudzi woyandikana nawo, ndipo makolo a mbali zonse ziŵiri ankadziŵana bwino, mwinanso ankamwera chitsime chimodzi. Masiku ano achinyamata ambiri amakumana kusukulu, kuntchito kapena kutchalitchi m'tauni, kutali ndi kwawo. Kuti chikondi chawo chifike pa chinkhoswe, payenera kuyendedwa maulendo atatu, ndipo ulendo uliwonse uli ndi ntchito yake.

Tiyerekeze motere. Mnyamata wa ku Mzimba akugwira ntchito mumzinda wa Blantyre, ndipo wakondana ndi mtsikana wa ku Dedza. Aŵiriwo ayendera limodzi malo ambiri. Adakwera phiri la Zomba nakaona damu la Mulunguzi. Pa tchuthi china adapita ku Mangochi kukaona nyanja ndi kudya chambo, ndipo kumeneko, atakhala pamchenga, mnyamata adatulutsa mphete napempha ukwati, mtsikana nalola. Anzawo atamva adakondwera nawo. Koma kwa makolo a kumudzi, zimene zidachitika pamchenga paja ndi nkhani ya ana aŵiri chabe. Mphete ija ikufanana ndi chimene makolo athu amatcha chikole. Chikole chimasonyeza kuti mtsikana walola ndipo anyamata ena amtalikire, koma sichilumikiza mabanja aŵiri. Ntchito yolumikiza mabanja imayamba ndi ulendo woyamba.

Ulendo woyamba ndi wopita kwawo kwa mtsikana. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Dedza ndi mtunda wa makilomita oposa 200 pa msewu wa M1. Basi imaoloka mtsinje wa Shire pa Zalewa, nidutsa pa Ntcheu, kenaka niyamba kukwera zitunda. Pakati pa Ntcheu ndi Dedza msewu umatsata malire a dziko, kotero kuti pa msika wa Lizulu ogulitsa a mbali imodzi ya msewu ali m'Malaŵi ndipo a mbali inayo ali m'Mozambique. Mnyamata wanzeru safika chimanjamanja. Amanyamula shuga, mchere, sopo, kapena chitenje cha agogo. Mphatso zimenezi si malipiro ayi, ndi ulemu wa mlendo.

Kodi akafika akaonana ndi yani? Pakati pa Acheŵa mtundu umatsata kuchikazi, ndipo mwinimbumba ndi malume, amene ena amati atsibweni, ndiye kuti mlongo wawo wa amayi. Bambo ake a mtsikana amalemekezedwa ndipo amauzidwa zonse, koma mawu omaliza pa zaukwati amachokera kwa malume. Mtsikana wolangizidwa bwino sayamba wauza malume mwiniwake. Amanong'oneza agogo kapena akulu ake, iwowo nauza amayi, ndipo amayi ndiwo amakafikitsa nkhani kwa mlongo wawo. Mwambo wolangiza atsikana kuderali ndi wakale kwambiri. Pafupi ndi Dedza pali mapanga a Chongoni, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 2006, ndipo zina mwa zojambula za m'mapangamo zimakhudza chinamwali cha atsikana.

Pa ulendo umenewu mnyamata sapita kukakamba za ukwati. Amapita kukaonedwa. Akuluakulu adzamufunsa kuti, "Kwanu n'kuti, bambo? Mfumu yanu ndani? Mfunda wanu ndi uti? Makolo alipo?" Achinyamata ena amaona mafunso ameneŵa ngati chipongwe, koma funso lililonse lili ndi chifukwa chake. Akuluakulu amafuna kudziŵa ngati palibe chibale pakati pa aŵiriwo, ngati mnyamata sadasiye mkazi ndi ana kumudzi, ndiponso khomo limene angakagogode pakagwa vuto. Amayang'ananso khalidwe lake: mmene akukhalira pampando, mmene akulandirira madzi osamba m'manja, ndi mmene akupatukira akakumana ndi apongozi panjira.

Ulendo wachiŵiri ndi wopita kwawo kwa mnyamata, ndipo ndi wautali kuposa woyamba. Basi imadutsa mu Lilongwe, nipitirira ku Kasungu ndi ku Jenda, mpaka kukaloŵa m'boma la Mzimba. Kumeneku mtsikana wa ku Dedza adzapeza chiyankhulo china, pakuti anthu ambiri amayankhula Chitumbuka, ndipo adzapezanso mwambo wina. Angoni a ku Mzimba ndi zidzukulu za anthu amene adaoloka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. Iwo amatsata kuchimuna. Mwamuna amapereka lobola, kaŵirikaŵiri ng'ombe kapena ndalama za mtengo wa ng'ombezo, mkazi amakakhala kumudzi kwa mwamuna, ndipo ana amaŵerengedwa kuti ndi a kwa bambo.

Apa ndiye pagona nkhani, omvera. Kwawo kwa mtsikana adazoloŵera chikamwini, pamene mwamuna amadzamanga nyumba kumudzi kwa mkazi ndipo ana amakhala mbumba ya malume. Mwamuna akafuna kutenga mkazi kupita naye kwawo amapempha chitengwa napereka chiongo, komabe ana sachoka m'manja mwa akuchikazi. Kwawo kwa mnyamata zinthu nzosiyana. Aŵiriwo angathe kunena kuti, "Ife tidzakhala m'tauni, zimenezo sizitikhudza." Koma ntchito ya m'tauni imatha, munthu amakalamba, ndipo imfa siuza munthu tsiku. Akapuma pantchito adzamanga kuti? Adzalima munda wa yani? Mmodzi akatsogola, ana adzakulira kuti? Mtsikana amene wafika yekha ku Mzimba, wagwada napereka moni kwa apongozi, waona khola ndi munda, nacheza ndi akazi ena okwatiwa pamudzipo, adzavomera akudziŵa chimene akuvomera. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Ulendo wachitatu achinyamata aja sayenda okha, ndipo mwina sayenda nawo konse. Ndi ulendo wa ankhoswe. Akuchimuna amasankha munthu wamkulu wokhulupirika, napita ku Dedza kukaonana ndi malume a mtsikana. Akafika satchula nkhani mwachindunji. Amaphiphiritsa, nanena kuti tambala wawo waona msoti pakhomopo. Malume amaitana mtsikana namufunsa pamaso pa onse ngati akuwadziŵa alendowo. Funso limeneli ndi lofunika kwambiri, chifukwa ndi pamene mtsikana amalola kapena kukana ndi pakamwa pake. Akalola, mbali ziŵirizo zimakambirana zonse zimene tatchula zija: ngati padzaperekedwe lobola kapena chiongo, kumene banja lidzakhale, ndi tsiku la chinkhoswe. Pamene miyambo iŵiri yasiyana, ankhoswe angakumane kaŵiri kapena katatu asanamvane. Kuchedwa kumeneko kusakhumudwitse achinyamata, pakuti nkhani imene yasiyidwa osaimaliza lero idzabweranso pa tsiku la mavuto, pamene mitima ili yoŵaŵa.

Tsiku la chinkhoswe likafika, mabanja onse aŵiri amasonkhana kwawo kwa mtsikana. Akuchikazi amatulutsa atsikana ofunditsidwa nsalu kumutu mpaka kumapazi, mmodzimmodzi, ndipo akuchimuna amaponya ndalama kuti nsalu ivundukulidwe, nakana aliyense kufikira atatuluka mwiniwakeyo. Ngakhale anthu amaseka ndi kululutira, tanthauzo lake ndi lakuti akuchimuna atsimikize pamaso pa mboni kuti mkazi amene akufuna ndi uyu, osati wina. Kenaka ankhoswe amasinthana nkhuku. Akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi napereka msoti, kusonyeza kuti banja lililonse lalandira mwana wa anzawo kukhala wawo. Ankhoswe amadyeranso limodzi nkhuku yophika monga chizindikiro cha pangano. Mnyamata amapatsidwa nkhwangwa, khasu ndi chikwanje, ndipo mtsikana amapatsidwa lichero, mthiko ndi tsache, pamodzi ndi malangizo a kasamalidwe ka pakhomo.

Ntchito ya nkhoswe sithera pa tsikuli. Banja likakangana, mkazi amakadandaula kwa nkhoswe, mwamunanso chimodzimodzi, ndipo ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi kuti aweruze. Wina akadwala kwambiri, uthenga umadzera mwa nkhoswe. Pakagwa maliro, ankhoswe ndiwo amakambirana za kumene mtembo ukaikidwe. M'matauni mwathu timaona anthu amene adangoloŵana popanda ankhoswe, nabereka ana. Tsiku limene mkazi wamwalira, mwamuna amasoŵa pogwira. Abale a malemu amafika nanena kuti sakumudziŵa, mwina nafuna chindapusa asanalole kuti mwambo wa maliro upitirire, ndipo ana amangoyang'ana akuluakulu akukangana pa siwa ya mayi wawo. N'chifukwa chake amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Boma nalonso lili ndi mawu pa nkhaniyi. Lamulo la maukwati la m'chaka cha 2015 lidakhazikitsa kuti munthu asaloŵe m'banja asanakwanitse zaka 18, ndipo m'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo idakonza malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane ndi msinkhu umenewu. Choncho nkhoswe imene ilandira tambala chifukwa cha mtsikana wa zaka 16 ikuthandiza kuphwanya lamulo, ngakhale makolo onse atavomereza. Lamulo lomwelo limazindikira ukwati wa mwambo, wa kuchipembedzo, ndi wa kwa boma. Palinso lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011, limene limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Ankhoswe a masiku ano ayenera kudziŵa malamulo ameneŵa, kuti pangano lawo lisatsutsane nawo. Ndi chanzerunso kuti mnyamata ndi mtsikana apite limodzi kuchipatala kukayezetsa magazi chinkhoswe chisanachitike, kuti aliyense adziŵe mmene mthupi mwa mnzake muliri.

Tsono mawu kwa inu achinyamata. Chinkhoswe cha masiku ano chimadya ndalama zambiri: holo, zovala zofanana, zoimbira, ndi ojambula zithunzi. Ena amaloŵa m'ngongole zimene amabweza kwa chaka chathunthu. Ngati ndalama zachepa, chepetsani zimenezo, koma musachotse ndalama ya basi ya maulendo atatu aja. Lamya ya m'manja ingathandize kupangana tsiku, koma malume sangamuone mkamwini pa lamya, ndipo mtsikana sangaudziŵe mudzi wa apongozi ake pa chithunzi. Yendani nyengo yachilimwe, pamene misewu ya kumidzi ili youma ndipo anthu atha kukolola, kuti akuluakulu akhale ndi mpata wocheza nanu. Tumizani uthenga musanapite, ndipo mukafika mverani kwambiri kuposa kuyankhula.

Kwa inunso makolo, mwana wanu akabwera ndi mlendo wochokera kutali, woyankhula chinenero china, mulandireni ndi mphasa ndi madzi akumwa. Mufunseni zonse zoyenera kufunsa, ndipo mumufotokozere mwambo wanu modekha, pakuti sadabadwire momwemo. Musamukane chifukwa cha boma limene akuchokera, ndipo musamuikire mtengo umene ungamuthaŵitse, chifukwa achinyamata akaona kuti khomo la makolo latsekeka amangoloŵana m'tauni popanda nkhoswe, ndipo mavuto ake adzafika kwa inu nomwe.

Nkhani yathu ya lero yathera pamenepa.