Dzina la vidiyo limaulula za m'kati mwake

Ana inu, munaonapo malole a fodya ali pamzere ku Kanengo? Belo lililonse lolowa ku okushoni limakhala ndi kapepala konena mwini wake ndi kulemera kwake. Nayonso vidiyo ili ndi kapepala kake, ndipo kapepalako ndi dzina lake.

Tiyerekeze kuti achimwene anu akuikirani vidiyo mu fulashi, dzina lake n'kukhala Ukwati_2024_720p.mp4. Poyamba pali nkhani yake, kenako chaka. Nanga 720p? Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono, ndipo apa tandandalikidwa m'mizere 720 kuchokera pamwamba kufika pansi. Vidiyo ya 1080p imaoneka bwino kuposa pamenepa, koma imadya malo ambiri. Mukaona S01E03, dziwani kuti ndi sewero lopitirira, chigawo choyamba, gawo lachitatu.

Zilembo zakumapeto zimanena mtundu wa vidiyo. Mtundu wa .avi unapangidwa ndi kampani ya Microsoft mu 1992. Wa .mp4 unabwera mu 2001 ndipo mafoni ambiri amaulandira. Wa .mkv unayamba mu 2002, ndipo umatha kusunga mawu a zilankhulo zingapo pamodzi.

Nanga mawu olembedwa m'munsi mwa vidiyo aja amakhala kuti? Nthawi zina amakhala paokha, m'kafayilo kothera ndi .srt, momwe mwalembedwa chiganizo chilichonse ndi nthawi yoti chionekere. Kafayiloka kapatseni dzina lofanana ndi la vidiyo, muziike malo amodzi. Pulogalamu ngati VLC idzazilumikiza yokha.

Tsono bwanji ngati TV yakwanu yakana vidiyo ya .mkv? Kufufuta zilembozo n'kulembapo .mp4 sikusintha za m'kati. Pamafunika pulogalamu yosinthira mavidiyo, monga HandBrake, yomwe ndi yaulere. Pulogalamuyi imatenga chithunzi chimodzichimodzi n'kuchikonzanso. Mafilimu ambiri amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Werengani nokha: filimu ya maola awiri ili ndi zithunzi 172,800! N'chifukwa chake ntchitoyi imachedwa, ndipo ndi bwino kuyamba laputopu ili ndi moto wokwanira kuopa kuti magetsi angazime. Dziwaninso kuti fulashi yokonzedwa m'njira ya FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4GB.

Posintha, musaiwale kuiuza pulogalamuyo kuti itengenso mawu a m'munsi. Mutha kusankha kuti amatidwe pachithunzi, ndipo akamatidwa sachotsekanso. Ikamaliza, onerani pang'ono koyambirira, pakati ndi kumapeto, muone ngati mawuwo akuyenda limodzi ndi olankhula. Musafufute vidiyo yoyamba ija musanatsimikize.

Samalani mawu a m'munsi amenewa, ana inu. Mnzanu wa vuto losamva amatsatira nkhani yonse powerenga mawuwo, ndipo akasowa, mwamusiya kunja.